Achimwene, Iowa si bwalo la mpira ayi

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene akuphunzira ku Ames, tauni ya m'chigawo cha Iowa ku America. Akuti anzawo akuwanyengerera kuti akapalase nawo RAGBRAI, ulendo wa njinga wodutsa Iowa yense, ndipo awauza kuti kulibe chitunda, n'chidikha chokhachokha. Afunsa kuti: poti ndinakula ndikupalasa njinga ndi thumba la chimanga pakeliyala popita kuchigayo, ndingalephere?

Achimwene, miyendo muli nayo, pamenepo sindikukayika. Koma anzanuwo akunamizani pang'ono.

Ulendowu anauyambitsa mu 1973 ndi atolankhani awiri a nyuzipepala ya Des Moines Register, John Karras ndi Donald Kaul. Anangolemba kuti ofuna atiperekeze, anthu n'kubweradi. Ananyamuka ku Sioux City kukathera ku Davenport, ndipo amene anamaliza njira yonse anali 114, mmodzi mwa iwo agogo Clarence Pickard a zaka 83. Lero kumakhala chinamtindi cha anthu masauzande. Ndi masiku 7 kumapeto kwa Julaye, makilomita pafupifupi 100 patsiku, ndipo njira imasintha chaka ndi chaka. Poyamba mumaviika tayala lakumbuyo m'madzi a mtsinje wa Missouri kapena mtsinje wothira m'menemo, pomaliza lakutsogolo mu Mississippi.

Za chidikhazo iwalani. Dziko la kumeneko ndi lamafundemafunde: mukatsika kamtsetse, kachitunda kena kali poteropo, mpaka dzuwa kulowa. Palibe chitunda chofanana ndi cha Golomoti, koma tizitundato tikachuluka timakudya pang'onopang'ono ngati chiswe.

Udzu wautali kuposa munthu umene unkakuta dera limeneli kale unatha ndi pulawo, ndipo wotsala sukwana gawo limodzi mwa magawo 1,000. Mukafuna kuuona pamodzi ndi njati za ku America, kapiteni tsiku lina ku malo osungirako zachilengedwe a Neal Smith, pafupi ndi Prairie City. Pamsewu muziona chimanga kumanja, soya kumanzere, mawa soya kumanja. Chimangacho chimatulutsa chinyezi, ndiye thukuta siliuma, malaya amakakamira pamsana. Mtengo woti muusepo umasowa. Thanki ya madzi ya tauni yotsatira mumaionera kutali, mumvekere tafika, koma mupalasa theka la ola isanasendere n'komwe.

Chimene chinandigonjetsa ine nditapalasa nawo ulendowu ndi mphepo yakumaso. Chitunda chimatha, mphepo siitha, chifukwa palibe phiri kapena nkhalango yoitchinga. Tsiku lachitatu ndinadzionetsa ukatswiri, n'kusiya anzanga m'mawa. Pofika masana ndinali ndekha, mutu pahandulo, amayi ena achikulire akundipitirira uku akufuula kuti "on your left!" Anzanga anandipeza nditakhala m'mbali mwa munda, botolo lili gwaa. Iwo ankapalasa mondondozana, wakutsogolo akuswa mphepo, akatopa n'kubwerera kumbuyo wina n'kulowapo. Gulu lanulo liphunzire zimenezi lisananyamuke, ndipo liwiro lake likhale la amene ali wofooka pa nonse. Mukapanda kugwirizana zimenezi ku Ames komweko, mudzakangana pamsewu.

China chimene anthu amachita manyazi kunena ndi matako. Kupita kuchigayo ndi ola limodzi, koma apa chishalo muchikhalira maola 6 kapena 7, mawa lake chimodzimodzi. Gulani kabudula wa thonje mkati, ndipo kuyambira Epulo muzipalasa masiku awiri otsatizana kumapeto kwa sabata. Njinga ikhale ya magiya, yoti mwaizolowera, osati yobwereka dzulo. Chubu chapadera, mpope ndi helimeti musasiye.

Katundu ndi tenti zimapita pa lole ngati mwalembetsa, ndipo pali galimoto zotola amene afooka. Kukwera si mlandu. Njala yokha simuiona: tauni iliyonse amayi a mpingo amagulitsa mapayi, ndipo m'mbali mwa msewu mupeza nyama ya nkhumba yowotchedwa pamoto wa zitsononkho. Tengani ndalama zapamanja, chifukwa netiweki imakanika anthu akadzaza katauni kakang'ono. Usiku sailini ikalira, musati mudikire mvula mutenti, thamangirani kumene akulozerani, mkuntho wa kumeneko suseka.

Njira ya chaka chimenecho amailengeza mu Januwale. Ikatuluka mundilemberenso, tione limodzi tsiku limene lili ndi zitunda zambiri.