Kirimu kapena pichesi pabalaza

Mayi, mwafunsa ngati pabalaza panu mupake penti wa kirimu kapena wa pichesi. Pa mitundu iwiri imene mwatchulayo, ine ndinasankha pichesi m'malo mwa kirimu, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbuka. Pa kapepala ka mitundu ka mu hadiweya pa boma la Kasungu ankaoneka wofatsa, koma atadzaza makoma anayi anakula mphamvu, popeza zenera lathu lalikulu linaloza kumadzulo, ndipo dzuwa la 4 koloko likalowa balaza lonse linkafiira ngati njerwa yootcha. Usiku babu lathu la kuwala kwachikasu linkangowonjezera kufiirako.

Amene anandilakwira kwenikweni ndi mmisiri. Ndinamugulira ndowa ziwiri za malita 20 za PVA, penti wosungunula ndi madzi uja, koma iye anathira madzi mopitirira muyeso, sanayambe ndi penti woyambirira wothandiza kuti wapamwamba agwire khoma, ndipo anapaka pa pulasitala wa masabata awiri okha, pamene pulasitala amafuna pafupifupi masabata anayi kuti aume bwino. Ndowa yachiwiri sindinaionenso. Pa tsiku la chinkhoswe cha mng'ono wanga, ankhoswe a kuchimuna anakhala pampando atatsamira khoma, ndipo ataimirira kuti alankhule, jekete lawo lakuda linali litayera ndi ufa wa penti kuyambira paphewa mpaka m'chiuno. Mayi anga anawapukuta ndi nsonga ya chitenje osanena kanthu, atsikana akubisa nkhope kuseka, ine nditangozyolika. Nditakumana naye pamsika mmisiriyo anandiyankha kuti khoma langa ndi lakumwa penti. Munthu wamkulu ndithu, wa imvi zake!

Kirimu savuta ndi kuwala, ndipo chipinda chaching'ono amachionetsa chotakasuka, choncho ngati zenera lanu linaloza kumadzulo tengani ameneyo. Musanagule ndowa, gulani kachitini ka lita imodzi ka mtundu uliwonse, pakani kawiri pa malo okwana mita imodzi, dikirani aume chifukwa penti wauwisi amanamiza, kenako muyang'ane m'mawa, madzulo ndi usiku babu litayaka.

Komabe ndinene zoona, pamene tinkakonza khomalo ndinabwerezanso pichesi yemweyo, wopepukirapo pang'ono, chifukwa fumbi la mu Okutobala ndi timanja ta ana zimaoneka msanga pa kirimu. Ndowa zokhazo muzitsekula nokha m'mawa ndi kuzitsekera kuchipinda kwanu madzulo.