Windows 7, 10 kapena 11? Ndikuyankha aphunzitsi a ku Luchenza

Aphunzitsi ena a ku Luchenza andilembera imelo kuti agula kompyuta yakaunjika ya Windows 7, ndiye akufunsa ngati aikemo 10 kapena 11. Aphunzitsi, funso lanuli landitokosa pachilonda.

Mu 2021 ndinali ndi kashopu kotayipa ndi kupulinta pa Chitakale. Kompyuta yanga inali ya Windows 7, ndipo ndinkaikonda kwambiri chifukwa inkayaka msanga, pulinta nayo sinkavuta. Ndinkadziwa kuti Microsoft idasiya kuitumizira zotsekera mabowo a chitetezo pa 14 Januwale 2020, koma ndinkati bola ikugwira ntchito. Tsiku lina kuli chiperoni, kunabwera mayi ndi fulashi kuti ndiwapulintire kalata yofunsira ntchito ku esiteti ya tiyi. Fulashiyo inali ndi vairasi ija yobisa mafayilo n'kusiya ma shortcut okhaokha. Pofika madzulo inali itafalikira m'mafulashi a makasitomala ena anayi. Mayi aja anaima pakhomo chitenje chili chonyowa, akudikira kalata imene tsiku lomaliza kuipereka linali lomwelo. Mpaka lero nkhope yawo ndimaiona.

Choncho Windows 7 ine ndimakana, osanyengerera. Ilibe antivirus yokwanira yobwera nayo ngati mmene 10 ndi 11 zilili ndi Defender. Chrome, pulogalamu yotsegulira intaneti, nayo idasiya kuitulutsira yatsopano kumayambiriro a 2023. Wina akakuuzani kuti "seveni ndiye yolimba", akunena za 2009, chaka chimene idatuluka.

Koma amene amandikwiyitsa kwambiri ndi anyamata ena okonza makompyuta m'misika yathuyi. Amakakamiza Windows 11 pa makina akalekale a pulosesa ya Core 2 Duo, n'kulandira ndalama, mwini wake n'kukafika kunyumba kompyuta ikuchita kukwawa. Kumeneko n'kuba. Windows 11 idatuluka mu Okutobala 2021 ndipo imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, RAM yosachepera 4GB, komanso pulosesa, ngati ndi ya Intel, ikhale ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Makina ambiri akaunjika safika pamenepo. Ndiye kuli nkhani ya bandulo: ma update amatha kuimaliza usiku umodzi ngati simunaike intaneti yanu pa metered connection, pouzira Windows kuti isamale bandulo. Mphunzitsi wodikira malipiro a kumapeto kwa mwezi sangapirire zimenezo.

Nanga Windows 10?

Iyi ndiye inkatipulumutsa kuyambira 2015, koma nayonso chithandizo chake chidatha pa 14 Okutobala 2025.

Ndiye aphunzitsi, onani kaye pulosesa yanu. Ikakwanira, ikani 11. Ikapanda kukwanira, ikani Linux Mint m'malo mwa Windows, ndi yaulere ndipo LibreOffice yake imatsegula mafayilo a Word ndi Excel a magiredi a ana. Musanafufute chilichonse, yesani kaye ngati pulinta ya kusukulu ikugwira nayo.