Phungu Sakhala Mwini Ulendo

Mayi, mwafunsa zinthu ziwiri zimene kwa inu zikuoneka ngati zosiyana. Mwati akukwezani paudindo moti tsopano mukuyang'anira anzanu amene munkakhala nawo mu ofesi imodzi, ndipo abwana akuuzani kuti mukhale phungu wawo osati wongowalamula. Mwatinso mwezi wamawa mukuyenera kukayankhula pamsonkhano wa ogwira ntchito onse, koma simukudziwa poyambira. Ine ndikuona kuti yankho la mafunso awiriwa ndi limodzi: kaya mwaima kutsogolo kwa gulu, kaya mwakhala pansi ndi munthu mmodzi amene mukumuyang'anira, mwini ulendo si inu, ndipo ntchito yanu idzayamba kuyenda bwino tsiku limene mudzavomereze zimenezi ndi mtima wonse.

Nthano zathu zinaiona kalekale nkhaniyi. Kumbukirani mtsikana uja amene amanyamuka ulendo atazunzidwa ndi mayi womupeza, ndipo panjira amakumana ndi nkhalamba ya zilonda imene imamupempha kuti aitsuke. Akaitsuka mosanyansidwa, nkhalambayo imamuuza njira yoti alowere akafika pamphambano, dengu loti akasankhe, ndi mawu oti asakayerekeze kuwatchula. Ikatero imatsala pomwepo. Siimutsatira, ndipo siikamutengera chumacho. Ikanati inene kuti, "Khala apa mwanawe, ndikakutengere," nthano ikanathera pomwepo ana asanatope n'komwe kuyankha kuti tili tonse, chifukwa chimene omvera amadikira ndi kuona ngati mtsikanayo akumbukire malangizo pa nthawi imene ali yekha, mantha atamugwira. Onaninso kuti nkhalambayo imayamba yamuona khalidwe lake isanamuuze kanthu, ndipo malangizo ake amakhala ochepa, oyenera ulendo umenewo basi. Siimuuza zonse zimene yaona chibadwire.

Oyankhula pagulu ambiri amaphonya pamenepa. Munthu amaimirira n'kuyamba ndi maphunziro ake, zaka zimene wagwira ntchito, mavuto amene wapambana, ndipo pofika pa mfundo yeniyeni anthu amakhala atayamba kale kuyang'ana m'mafoni. Sikuti omverawo ndi amwano. Aliyense wa iwo wabwera ndi mtolo wake, ndipo mumtima akufunsa kuti, "Nanga ine Lolemba m'mawa ndikachite chiyani?" Ngati zimene mukunenazo sizikuyankha funso limeneli, angakuombereni m'manja koma abwerera chimanjamanja. Mbiri yanu ili ndi malo ake, koma ntchito yake ndi imodzi yokha, yotsimikizira anthu kuti njira imene mukuwalozerayo munaiyendapo ndipo mukudziwa pamene pali minga. Mukangoona kuti nkhani ya inu mwini yayamba kutalika kuposa phunziro limene ili kunyamula, iduleni.

Chitsanzo chimene chimandifika pamtima pa nkhaniyi ndi cha William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Mnyamatayu anasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi pambuyo pa njala ya 2001 ndi 2002, ndipo ali ndi zaka 14 anapanga makina opangira magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito dainamo ya njinga, fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki ndi mitengo ya bulugamu, atangoona chithunzi m'buku limene anabwereka ku laibulale yaing'ono. Makinawo anapanga yekha, koma kuti dziko limumve panafunika anthu ena. Mu 2006 Dr Hartford Mchazime, katswiri wa zamaphunziro, atapita kukawaona, anabweretsa atolankhani kumudziko komanso anayesetsa kuti mnyamatayo abwerere kusukulu. Chaka chotsatira, mu 2007, William anaitanidwa ku msonkhano wa TEDGlobal, umene bungwe la TED limakonza kuti anthu afotokoze nzeru zawo pagulu, ku Arusha m'dziko la Tanzania. Anali ndi zaka 19, ndipo iye mwini ananena pambuyo pake kuti mantha anamugwira mpaka Chingerezi chinamuthawa.

Chimene ndikufuna muone ndi zimene Chris Anderson, amene anali mkulu wa TED, anachita pa nsanja tsiku limenelo. Akanatha kuifotokoza yekha nkhani yonse m'Chingerezi chosalala, mnyamatayo atangoima pambali ngati chionetsero, ndipo anthu akanasangalalabe. Iye anaima naye limodzi, zithunzi za makinawo zikuonetsedwa, n'kumamufunsa mafunso afupiafupi amene William ankatha kuwayankha ndi mawu ochepa amene anali nawo. Mayankho anali aafupi, ena odukaduka, koma anali ake, ndipo n'chifukwa chake anthu anakhudzidwa mpaka ena anadzipereka kulipirira maphunziro ake. Tom Rielly, amenenso anali wa TED, anapitiriza kumuthandiza kwa zaka zambiri pambuyo pake. Mu 2009 William anaimanso pa nsanja ya TEDGlobal ku Oxford, ulendo uno ali yekha popanda womufunsa, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America. Kusiyana kwa 2007 ndi 2009 ndiye muyeso wa uphungu: zimene munthu ankachita mutamugwira dzanja, kodi tsopano akuzichita inu palibe?

Mu ofesi, muyeso umenewu umavuta kuutsatira chifukwa nthawi imakhala yochepa. Tiyerekeze kuti mmodzi wa anthu anu wabweretsa lipoti la mwezi, ndipo mutangoliyang'ana mwaona kuti ziwerengero za patsamba lachiwiri sizikugwirizana ndi za kumapeto. Dzanja lanu lidzafuna kukoka kompyuta kuti mukonze nokha, popeza kwa inu ndi ntchito ya kanthawi kochepa. Mukatero lipoti lituluka labwino, koma mwezi wamawa cholakwika chomwecho chidzabweranso, ndipo munthuyo adzakhala ataphunzira chinthu chimodzi chokha, chakuti abwana amakonza. Ngati nthawi ilipo, mubwezereni ndi funso lakuti, "Mukaphatikiza mizere iyi mukupeza zingati, nanga kumapetoku mwalemba zingati?" ndipo mudikire, ngakhale kudikirako kukhale kowawa. Ngati lipotilo likufunika lero lomwe, konzani naye limodzi, iye ali pa kompyuta inu muli pambali, ndipo mawa lake mukhale naye pansi kuti mupeze pamene cholakwikacho chinayambira. Likadzafika tsiku lokapereka lipotilo kwa akuluakulu, mulekeni alipereke yekha. Funso lovuta likabwera, maso onse adzatembenukira kwa inu. Inu tembenukirani kwa iye kaye, ndipo mulowererepo pokhapokha mutaona kuti wathedwadi nzeru. Zikayenda bwino, tchulani dzina lake pamaso pa akuluakuluwo. Zikalakwika, yankhani ndinu, pajatu mutu ukakula sulewa nkhonya.

Ndikudziwa kuti zimenezi zimaopsa munthu amene wangokwezedwa kumene, chifukwa mtima umanong'ona kuti mukawaphunzitsa zonse adzakulandani mpando. Mbiri ya Walter Sisulu, womenyera ufulu wa ku South Africa, imandilimbitsa mtima pa mantha amenewa. Nelson Mandela atafika ku Johannesburg mu 1941, Sisulu ndi amene anamudziwitsa kwa loya Lazar Sidelsky, kumene anayamba ntchito ya ukalaliki wa zamalamulo, ndipo ndi amenenso anamukokera m'chipani cha ANC. Mandela ndi Sisulu anagamulidwa limodzi mu 1964 kuti akakhale kundende moyo wawo wonse. Mu 1994 Mandela atakhala mtsogoleri wa dziko la South Africa, Sisulu sanatenge udindo uliwonse m'boma, komabe ulemu wake sunachepe mpaka pamene anamwalira mu 2003. Kukula kwa Mandela, amene iye anamulera, sikunamuchotsere kanthu.

Pali chinthu china chimene anthu olimbikitsa uphungu pantchito sakonda kuchitchula, ndipo kwa inu n'chofunika kwambiri. Nkhalamba ya m'nthano ilibe mphamvu pa malipiro a mtsikana uja, koma inu muli nazo pa anthu anu: mumasainira tchuthi chawo, mumalemba za kagwiridwe kawo ka ntchito, ndipo mawu anu angachititse kuti wina akwezedwe kapena achotsedwe. Chifukwa cha zimenezi sangakuuzeni zofooka zawo zonse, makamaka amene mpaka posachedwapa munkadya nawo nkhomaliro ngati anzanu wamba, ndipo musawakakamize kapena kukhumudwa nazo. Auzeni poyera pamene mukuyankhula ngati woyang'anira ndi pamene mukungowalangiza, kuti adziwe kuti langizo angathe kulikana koma lamulo la ntchito ayi. Nthawi yanu igaweni mofanana, chifukwa phungu amene amakhala ndi munthu mmodzi yekha nthawi zonse amabala nsanje ndi miseche mu ofesi, ndipo zokambirana zanu zizichitikira pamalo oonekera, m'nthawi ya ntchito. Wina akapeza mlangizi kunja kwa dipatimenti yanu, kondwerani naye. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo pali zina zimene inu simungathe kumupatsa.

Tibwerere tsono ku msonkhano wa mwezi wamawa. Musanalembe liwu ndi limodzi lomwe, yendani mukacheze ndi anthu angapo amene adzakhalepo, kuphatikizapo a maudindo aang'ono monga madalaivala ndi olandira alendo, ndipo muwafunse chimene chimawachedwetsa kwambiri pantchito yawo. Pa zimene adzakuuzenizo sankhani vuto limodzi limene muli ndi njira yeniyeni yolithetsera. Mukadzaimirira, yambani ndi vutolo monga momwe iwo amalionera, m'mawu amene anagwiritsa ntchito pokuuzani, kuti aliyense azindikire kuti mukunena za iye. Kenako fotokozani za mnzawo mmodzi, mutamupempha chilolezo, amene anakumana ndi vuto lomwelo n'kupeza njira, ndipo ngati angavomere, mupatseni mphindi zingapo kuti alongosole yekha inu mukumufunsa mafunso afupi. Malizani ndi chinthu chimodzi chimene onse angathe kuchiyamba sabata yomweyo, munene tsiku limene mudzakumane nawonso kuti mumve mmene chayendera, ndipo musiye nthawi yokwanira ya mafunso musanakhale pansi.