Kagalimoto ka mipando iwiri ndi mafuta ake, kuchokera ku Dar mpaka ku Blantyre

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri nthawi imodzi. Mukufuna kudziwa mmene geni yoitanitsa magalimoto ku Japan imayendera, komanso mwati mnzanu wina wa ku Namiwawa wakuuzani kuti mukamubweretsera kagalimoto ka mipando iwiri, kaja kotsegula denga, agula, bola kasakhale komwa mafuta. Mwaona pa intaneti atalemba kuti Mazda Roadster imayenda makilomita 17 pa lita imodzi, ndiye mukuti kodi n'zoona. Ine ndakhala ndikukwera basi kupita ku Dar es Salaam n'kumabwerera pa chiwongolero kwa zaka zingapo, ndipo kamodzi ndinabwera nako kagalimoto koteroko ndi manja angawa. Ndikuuzani zimene ndinaona.

Za kayendedwe ka geniyi sindichedwapo, chifukwa ejenti aliyense angakufotokozereni. Mumasankha galimoto kwa ogulitsa ngati BE FORWARD kapena SBT, mtengo wake ukhale wofikitsa pa doko la Dar. Mumalipira m'madola, ndipo apa ndi pamene ambiri amayambira kulira, chifukwa dola ku banki siipezeka tsiku limene mwaifuna. Sitima imatenga mwezi ndi masabata angapo. Ikafika, ejenti wa ku Dar amaitulutsa pa doko, amaipatsa nambala ya IT, ya galimoto yongodutsa m'dzikolo, n'kukupatsani masiku owerengeka oti mukhale mutafika pa boda. Inu mumayendetsa kudzera Chalinze, Morogoro, Mikumi, Iringa, Makambako, kukhota pa Uyole, kutsika Tukuyu mpaka pa Kasumulu, kuwoloka mlatho wa Songwe. Kumeneko ejenti wina amakiliya ku MRA, ndipo msonkho umayendera kukula kwa injini ndi chaka cha galimoto. Zotsala ndi za kuno kumudzi, kupolisi, ku Road Traffic pa Ginnery Corner, COF (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu) ndi inshuwalansi. Ena amadzera ku Durban n'kulowera pa Mwanza, koma njira imeneyo ndi ya tsiku lina.

Chimene ejenti sangakuuzeni ndi cha mafuta, chifukwa si iye amathira.

Nambala ya 17 mwaionayo si bodza. Ndi ya Roadster yatsopano imene inayamba mu 2015, ya injini ya 1.5, yopepuka moti ina siikwana n'komwe tani imodzi. Koma dziwani kumene nambalayo inabadwira. Ku Japan galimoto amaiyesera m'nyumba, matayala akuzungulira pa zitsulo, ekoni itazimitsidwa, palibe chitunda, palibe mphepo, palibe kabaza wolowa kutsogolo mosayang'ana. Muyeso umene ankautchula JC08 liwiro lake silinkapitirira kwenikweni 80, ndipo mukaphatikiza ulendo wonse galimoto inkayenda pang'onopang'ono ngati ili pa maliro. Usanabwere umenewo kunali wina wotchedwa 10-15, wokometsera kuposa apa. Kuyambira 2018 anasamukira ku WLTC, umene umayandikirako ku zoona. Ndiye mukaona nambala pa galimoto ya 2006 ndi nambala pa galimoto ya 2020, musaziike pa sikelo imodzi. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere, ndipo pepala la ku Japan ndi nkhuyu yakupsa bwino.

Imene ndinabwera nayo ine inali yakale pang'ono, ya 2007, injini ya 2.0, giya ya manja, thanki ya malita 50. Pa pepala inkati pafupifupi makilomita 13 pa lita. Galimoto ikamatsika m'sitima imakhala ilibe mafuta, kamuvi kali pansi penipeni, ndiye malo oyamba kuima ndi pa filingi. Ndinauza mnyamata wothira kuti adzaze mpaka pampu idule yokha, asagwedeze galimoto, asawonjezere. Ndinalemba makilomita m'kabuku kanga kachikuto chofiira, kamene ndimalembamonso ngongole za anthu. Muyeso woona ndi umenewo basi, fulu mpaka fulu, makilomita kugawa ndi malita. Geji ndi kakompyuta ka pa dashibodi zimakonda kusangalatsa mwini galimoto.

Pa Iringa, nditayenda makilomita pafupifupi 500, inamwa malita 41. Werengani nokha, ndi 12 ndi pang'ono. Munthu angaganize kuti poti ku Tanzania m'midzi yambiri liwiro lololedwa ndi 50 ndipo atrafiki amabisala ndi kamera pansi pa mitengo, ndiye kuti mafuta apulumuka. Ayi ndithu. Chimene chimadya mafuta ndi kutsika pa 90 kufika pa 50, kudumpha hampu, kukweranso, patangopita makilomita ochepa mudzi wina. Onjezani malole a pa Chalinze, mahampu a m'nkhalango ya Mikumi, ndi chitunda cha Kitonga kumene ndinakwera pa giya yachiwiri kumbuyo kwa thanka imene inkafuka utsi ngati uvuni ya njerwa. Pa Kyela ndinadzazanso, monga amachitira aliyense wodziwa njirayi, chifukwa sudziwa chimene ukachipeze kwanu. Chigawo chimenecho chinatsika pang'ono pansi pa 12. Ndikuvomera kuti mlandu wina unali wanga. Kutsika kwa Tukuyu m'minda ya tiyi, m'mawa, ndinatsegula denga ndipo phazi linalemera. Kagalimotoko kamakhota ngati kakumva zimene ukuganiza, ndipo munthu wamkulu ndinaseka ndekha m'galimoto.

Kuno kwathu Chiweta inatenga gawo lake. Kuchoka Mzuzu kudzera Chikangawa, Jenda, Kasungu mpaka Lilongwe, ndikuyenda 90 denga litatsekedwa, ndi pokhapo pamene ndinaona 13. Ulendo wonse, makilomita pafupifupi 1,870 mpaka pakhomo panga ku Machinjiri, unadya malita 155. Ndiye kuti 12 pa lita.

Kunena zoona, pa msewu wautali kagalimotoka si chidakwa. N'kopepuka, n'kafupi, mphepo siikagwira kwambiri. Noah yodzaza imamwa kuposa apo. Vuto lake pa ulendo linali lina, limene simungaliganizire muli pa kompyuta. Madalaivala ambiri a IT amachita matola. Malamulo sakulola, ndipo sindikukutumani, koma zimachitika, anthu atatu kumbuyo, wina kutsogolo, zikwama mu buti, ndalama ya mafuta n'kubwererako theka. Enafe timaika katundu wathu, zitenje, nsapato, masipeya a oda, kuti ulendo usapite pachabe. Mu Roadster mulibe zimenezo. Mpando wotsala ndi umodzi, buti ndi ya malita 150, chikwama changa ndi jeke zinadzaza. Lita iliyonse inatuluka m'thumba mwanga, ndipo ndinafika ku Blantyre ndilibe ngakhale mpukutu umodzi wa chitenje woti mayi a kunyumba agulitse.

Tsopano za m'tauni, zimene mnzanu wa ku Namiwawa akufunsa ngakhale sakudziwa kuti akufunsa zimenezo. Blantyre ndi mzinda wa zitunda. Kuchoka m'tauni kupita ku Limbe pa Chipembere Highway ndi kukwera kokhakokha, ndipo nthawi yoweruka mumaima pa Ginnery Corner, mumaimanso pa Chichiri, injini ikulira, ekoni ikugwira ntchito chifukwa mu Okutobala denga lansalu limatentha ngati chiwaya cha chipisi. Maulendo ake ndi aafupi, injini isanatenthe bwino mwafika kale. Kagalimotoko kanakhala nane miyezi isanu, ndikufotokozerani chifukwa chake, ndipo m'tauni muno sikanapitirire makilomita 9 pa lita. Sabata imene mwana wa mlongo wanga anakabwereka kanatsika kufika pa 7. Injini yake imakoma ikakwera mawu, ndiye aliyense wokhala pa chiwongolerocho amaikweza mawu. Palibe amagula galimoto yotere kuti aziyendetsa ngati akupita ndi mazira ku msika wa Limbe.

Palinso nkhani ya petulo weniweniyo. Ku Japan magalimoto amenewa analembedwa kuti azimwa petulo wa okiteni yapamwamba. Kuno pampu ya petulo ndi imodzi, wa Mira ndi wa Benz amamwera chikho chimodzi. Injini imadzisintha yokha kuti isagogode, koma mphamvu imachepako ndipo phazi limabwezera. Komanso petulo wathu amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Si woipa, koma lita ya ethanol ili ndi mphamvu yochepa poyerekeza ndi lita ya petulo, ndiye makilomita amatsikako pang'ono. Za mafuta a m'zigubu, a mavenda a m'mbali mwa msewu nthawi imene mafilingi auma, ndingoti musayerekeze pa injini yotereyi. Ndinagulapo chigubu chimodzi usiku wina pa galimoto ina, ndipo makaniko anatsitsa thanki m'mawa mwake n'kundionetsa madzi atakhala pansi.

Yang'ananinso matayala isananyamuke ku Dar. Magalimoto ambiri a ku Japan amabwera ndi matayala a nyengo yachisanu, ofewa, a timizere tambirimbiri. Pa tala wotentha amamatira, amadya mafuta, ndipo amatha msanga. Ena amabwera mpweya uli wochepa chifukwa chokhalitsa pa yadi ndi m'sitima. Kupopa matayala ndi kusintha oyilo ku Dar ndi ndalama yochepa imene imabwerera musanafike ku Mbeya.

Ndiye ya 1.5 imene mwaionayo ingachite bwanji? Lamulo langa, limene ndinalipeza m'kabuku kofiira kaja osati kusukulu, ndi lakuti pa msewu wautali chotsani pang'ono pa nambala ya pa pepala, m'tauni ya Blantyre chotsani gawo limodzi mwa magawo atatu. Mukamuuza mnzanuyo 11 kapena 12 m'tauni simudzakangana naye. Mukamuuza 17 adzakuimbirani foni sabata yoyamba. Ndipo thanki yake ku Japan ndi ya malita 40 okha, zimene zimapweteka nthawi ya mizere, poti mumagona pa filingi usiku wonse n'kupatsidwa zochepa.

Zilipo zina za mipando iwiri. Honda S660 ndi Daihatsu Copen ndi za 660cc, zimamwa pang'ono ndithu ndipo msonkho wake ndi wopepukirapo, koma munthu wamtali ngati inu mukakhalamo mawondo afika pachibwano. Nissan Fairlady Z ndi ya injini yaikulu, monga 3.5 kapena 3.7, masilinda 6, imeneyo musaitchule n'komwe kwa munthu amene wayamba ndi funso la mafuta, ndipo a MRA adzaiona injiniyo asanaone nkhope yanu. Imene ndingaiganizire ine ndi Toyota MR-S, chifukwa injini yake ya 1.8 ndi ya mtundu wa 1ZZ, umene ulinso mu Wish, Premio ndi Fielder zakale, ndiye makaniko wa ku Ndirande akaitsegula sachita mantha, ngakhale adzayamba wadabwa kuipeza kumbuyo kwa mipando. Koma anasiya kupanga mu 2007, ndipo malo a katundu ndi ochepa kwambiri.

Ndinalonjeza kunena za miyezi isanu ija. Bambo amene anaitanitsa Roadster anandipatsa ndalama yochepa yachikole, ine n'kuikapo mpamba wanga wonse. Tsiku lokaionetsa tinapita nayo kwawo, ndipo pa hampu yoyamba ya msewu wa kwawoko pansi panakhula, khwee, ngakhale ndinalowa chopingasa. Kagalimotoka kamatalikirana ndi nthaka ndi masentimita 14 osakwana. Pa geti panali ngalande, sikanalowe. Akazi awo anatuluka, anazungulira kamodzi, anasuzumira mkati, n'kufunsa kuti ana azikhala pati. Nkhani inathera pomwepo.

Ndinakaika pa msewu ndi pepala pa galasi. Anthu ankaima, kujambulitsa, kufunsa mtengo, kufunsa kuti kamamwa bwanji, n'kumapita. Miyezi imeneyo anzanga anapita ku Dar kawiri katatu ndi ma Sienta, ma Vitz ndi ma Passo, zimene zimagulidwa zisanatsukidwe n'komwe fumbi la ku Chiweta, chifukwa Sienta mawa lake imayamba kunyamula anthu n'kumabweza ndalama. Ine ndinangokhala, mpamba uli pa matayala anayi pabwalo. Pomaliza anakagula mnyamata wina wogwira ntchito ku banki, pa mtengo umene unangobweza zanga.

Choncho ngati mukupita nayo nkhaniyi, mnzanuyo alipire yekha mtengo wonse wa ku Japan ndi wa sitima, inu mutenge ya ntchito yanu ndi ya ulendo. Musamutchulire mtengo womaliza m'makwacha galimoto ili pamadzi. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, petulo n'kukwera kufika K2,530 pa lita masiku omwewo, ndipo amene anali atalonjeza makasitomala mitengo yakale analipira kusiyanako okha. Pa bajeti ya ulendo lembani malita 160, osati makwacha, mudzachulukitse ndi mtengo wa tsiku limenelo, mbali ina m'mashilingi. Ndipo musanatumize dola ngakhale imodzi, pitani kwawo ku Namiwawa ndi tepi, mukayeze hampu ya msewu wawo ndi ngalande ya pa geti.