Za okosijeni wopanikizidwa kwa mwana wa cerebral palsy

Amayi, musagulitse munda wanu kuti mukalowetse mwana m'chipinda cha okosijeni wopanikizidwa ku Johannesburg, chifukwa chithandizochi sichichiza cerebral palsy, vuto la kuwonongeka kwa ubongo limene limalepheretsa mwana kuyendetsa bwino thupi lake. Pa kafukufuku wa ana 111 ku Canada, wofalitsidwa mu 2001, ana amene anapuma okosijeniyo ndi amene anapuma mpweya wamba wopanikizidwa pang'ono anasintha mofanana, chonsecho kupanikizikako kumavulaza makutu ndipo nthawi zina kumakomola mwana.

Mdzukulu wanga, amene sankatha n'kuimika khosi komwe, anayamba kukhala yekha pamphasa atachita mafizo miyezi yambiri, ife tikumuongola miyendo m'mawa uliwonse asanadye phala. Pitani ndi mwana wanu kwa madokotala a mafizo pa chipatala chachikulu cha Zomba, ndipo ngati amakomoka kapena kutsamwa pakudya, dokotala wa ana amuone msanga.