Kulembanso MSCE muli ndi zaka 47

Achemwali, mwafunsa ngati n'zotheka kulembanso MSCE pa zaka 47, ana atakula kale. N'zotheka ndithu. Kalembetseni ku MANEB ngati external kudzera pasekondale yapafupi, makalasi muzikalowa ku open masana ana akaweruka. Limbanani kwambiri ndi Chingerezi, chifukwa popanda credit yake mayunivesite a boma sakutengani, ngakhale masamu mutakhoza bwanji. Mukapeza ma credit 6, yesani ODeL (maphunziro apayunivesite ophunzira muli kwanu) ya Mzuni kapena LUANAR, muziphunzira geni yanu ikuyenda.

Zoti mukhale benchi limodzi ndi anzake a mwana wanu zisakudetseni nkhawa. Kimani Maruge wa ku Kenya anayamba sitandade 1 mu 2004 ali ndi zaka 84. Koma ndalama ya mayeso yambani kusunga panopa, kulembetsa sikuchedwa kutsekedwa.