Tenanti wathawa, wasiya anthu ena m'nyumba mwanga

Mayi, nkhani yanu ndaimva motere: mnyamata wofuna nyumba ya lendi anakuonetsani uthenga wa Airtel Money pa foni yake woti wakutumizirani ndalama, inu n'kumupatsa makiyi a nyumba yanu ku Area 25. Ndalamayo sinafike. Patatha miyezi iwiri mwapezamo banja lina, lomwe linamulipira lendi ya miyezi itatu poganiza kuti nyumbayo ndi yake. Mnyamatayo sakupezeka, apolisi akuti ndi nkhani ya kukhoti, ndipo achimwene anu akuti muzule zitseko.

Zitsekozo zisiyeni pomwe zili. Apa ndi pomwe ndaona eni nyumba ambiri akugwa, chonsecho olakwiridwa ndi iwo. Munthu amabwera ndi kalipentala m'mawa, n'kuzula chitseko, kukhoma loko wina, kutseka madzi, mphasa ndi mapoto n'kuponya pabwalo mvula ikugwa. Sabata isanathe masamoni amabwera kwa iyeyo, wotulutsidwayo akuti wailesi yasowa, matiresi aonongeka, akufuna chipukuta misozi. Kukhoti majisitireti amayamba wafunsa kuti anakulolezani ndani, ndipo ndalama zomwe mungalamulidwe kulipira zikhoza kuposa lendi yomwe mukulirayo. Achimwene anuwo tsiku limenelo adzakhala ali kuntchito kwawo. Wotulutsa munthu m'nyumba ndi sherifu, atanyamula chikalata cha khoti.

Banjalo lilembereni notisi, lisayine, inu musunge kope. Musalandire ndalama iliyonse kwa iwo musanasankhe ngati mukufuna akhale kapena achoke, chifukwa khoti likhoza kuona ngati mwawavomera kukhala matenanti anu. Ngati ndi anthu abwino, lembani nawo mgwirizano watsopano. Akakana zonse, kasumeni kukhoti la majisitireti. Sindingalonjeze kuti zitha msanga, komanso ndalama za wothawayo mwina simudzaziona ngati mulibe dzina lake lenileni, poti masamoni sapita kwa munthu wodziwika ndi dzina lapabwalo lokha.

Za apolisizo zimanditopetsa. Ngongole ya lendi ndi ya kukhoti ndithu, koma kunamiza anthu kuti nyumba ndi yako n'kuwalandira ndalama ndi mlandu pa gawo 319 la Penal Code, lamulo la milandu ya upandu. Obedwa ndalama mwachinyengo ndi banjalo, choncho pitani nawo limodzi, akadandaule iwowo, mutenge nambala yomwe anatumizako ndalama, popeza manambala a foni amalembetsedwa ndi chiphaso. Wa pakauntala akakubwezani, pemphani kuonana ndi mkulu wa polisiyo.

Tenanti wina akadzabwera, muone chiphaso cha unzika chenicheni, nkhope ifanane, mujambule mbali zonse. Uthenga wa pa foni yake si umboni: onani balansi yanu pa Airtel Money, Mpamba kapena kubanki makiyi asanachoke m'manja mwanu. Akati "ndatumiza zambiri molakwitsa, mundibwezere zapamwamba", musabweze kanthu musanaone ndalamayo. Imbirani landilodi wake wakale, ndipo kuntchito kwake pitaniko nokha. Wofuna kulowa usiku womwewo mumukayikire. Mgwirizano ulembedwe, mboni zisayine, unene za dipoziti, mabilu a madzi, komanso kuti saloledwa kulowetsamo wina popanda chilolezo chanu cholemba. Risiti iliyonse ikhale ndi kope, ndipo nyumbayo muziiyendera mutawadziwitsa. Ngati ndalama ya loya palibe, kafunseni ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu osowa ndalama ya loya, mutanyamula mapepala a nyumba ndi sitetimenti yoonetsa kuti ndalama ija sinalowe.